Mafunso ndi mayankho: kuona moto wolusa ndi utsi wake kudzera pa setilaiti

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alangizi a zankhalango, oyang'anira malo osungirako nyama, eni minda ya mitengo, atolankhani ndi ophunzira akangoyamba kugwiritsa ntchito mapu a moto a pa intaneti. Ambiri mwa mafunsowa amazungulira pa kadontho kofiira kamene kamaoneka pa mapu: chimene kamatiuza, ndi chimene sikangatiuze.

Setilaiti ili kutali chonchija, imaona bwanji moto?

Siijambula malawi ngati kamera ya pa foni ayi. Imayeza kutentha. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kumene maso athu saona, kotchedwa infrared, ndipo chikamatentha kwambiri kuwalako kumachulukira ku mafunde afupiafupi. Makina ofufuza moto amayerekeza mafunde awiri, a pafupifupi 3.9 µm ndi a 11 µm. Muyeso wa µm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Tiyerekeze ndi manambala. Dothi la m'tchire lili pa 27°C, malawi ali pa 730°C. Pa mafunde a 3.9 µm, malawiwo amawala kuposa dothi koposa ka 5,000. Pa mafunde a 11 µm amangoliposa pafupifupi ka 30. Tsono makina a MODIS, omwe ali pa masetilaiti awiri a NASA, amagawa dziko m'timabokosi ta kilomita 1 mbali zonse. Moto wa masikweya mita 1,000, womwe ndi malo a mamita 32 mulitali ndi mulifupi, ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a kabokosiko. Komabe umachulukitsa kuwala kwa kabokosi konse pa 3.9 µm koposa ka 6, pamene pa 11 µm umangoonjezerako 3 pa 100 iliyonse. Kusiyana kumeneku ndiye chizindikiro cha moto. Dothi longopsa ndi dzuwa la mu Okutobala limakweza mafunde onse awiri pamodzi, moto umakweza amodzi okha.

Kompyuta siingoyang'ana kabokosi kamodzi. Imayamba yachotsa mitambo ndi madzi, kenako imayerekeza kabokosi kokayikitsako ndi timabokosi toyandikana nako. Kakaposa anzake ndi mlingo woikika, kamalembedwa kuti ndi moto.

Ndi masetilaiti ati amene amagwira ntchitoyi?

Alipo a mitundu iwiri, ndipo muyenera kudziwa kuti mukuyang'ana mtundu uti.

Mtundu woyamba umauluka pafupi, kuzungulira dziko modutsa kumpoto ndi kumwera. Terra, yomwe NASA inaponya mu Disembala 1999, ndi Aqua ya mu Meyi 2002, zimanyamula MODIS pamtunda wa makilomita pafupifupi 700. Makina atsopano otchedwa VIIRS ali pa Suomi NPP ya 2011, NOAA-20 ya 2017 ndi NOAA-21 ya 2022, pamtunda wa makilomita oposa pang'ono 820. Kabokosi ka VIIRS ndi ka mamita 375, choncho imagwira moto waung'ono umene MODIS imauphonya. Setilaiti iliyonse yamtunduwu imaona malo amodzi pafupifupi kawiri pa maola 24, masana kamodzi, usiku kamodzi. Zonyamula VIIRS zimadutsa cha m'ma 1:30 masana ndi 1:30 usiku. Terra inkadutsa cha m'ma 10:30 m'mawa ndi usiku, koma iyo ndi Aqua zakalamba ndipo nthawi yake yodutsira yakhala ikusuntha. Amene akuyamba ntchito lero ayambire pa VIIRS.

Mtundu wachiwiri uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo umayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, mwakuti umaoneka ngati waima malo amodzi. GOES imayang'ana mayiko a America, Himawari ya ku Japan imayang'ana Asia ndi Australia, ndipo Africa ndi Ulaya zili m'manja mwa Meteosat ya bungwe la EUMETSAT. Meteosat yakale imajambula mphindi 15 zilizonse ndi timabokosi ta makilomita 3. Yatsopano, yomwe inaponyedwa mu Disembala 2022, imajambula mphindi 10 zilizonse ndi timabokosi tochepera apo.

Mtundu woyamba uli ngati wa kabaza wodutsa pakhomo panu penipeni koma mwa apo ndi apo. Wachiwiri uli ngati munthu wokhala pamwamba pa phiri tsiku lonse, amene zing'onozing'ono zimamuphonya. Mukafuna kudziwa pamene moto uli, dalirani VIIRS. Mukafuna kudziwa kuti wayamba nthawi yanji ndipo ukukula motani, yang'anani Meteosat.

Kadontho kamodzi kofiira ndi moto umodzi?

Ayi. Kadontho ndi pakati pa kabokosi kamene mwapezeka kutentha kwa moto. Kabokosi ka VIIRS ndi mahekitala pafupifupi 14, ka MODIS ndi mahekitala 100. Motowo ukhoza kukhala pangodya pa kabokosi, ukhoza kukhala waung'ono ngati mulu wa mapesi, kapena m'kabokosi komweko mukhoza kukhala moto utatu wosiyana. Komanso moto umodzi waukulu umatulutsa timadontho tambirimbiri tondondozana, ndipo masetilaiti atatu akadutsa motsatana, moto womwewo umalembedwa katatu.

Choncho kuchulukitsa chiwerengero cha timadontho ndi mahekitala 14 kuti mupeze malo amene apsa n'kulakwa. Kulemba m'nyuzipepala kuti "m'boma lakutilakuti mwabuka moto 400" pamene mwangowerenga timadontho 400 n'kulakwanso.

Palinso nkhani ya m'mphepete. Setilaiti imasesa dera lotambalala makilomita 2,330 ikakhala MODIS, kapena pafupifupi 3,000 ikakhala VIIRS. Pansi pake penipeni kabokosi kamakhala ka muyeso wake, koma kumphepete kamatambasuka. Ka MODIS kamafika pafupifupi makilomita 2 mbali ina ndi 5 mbali inayo. Ka VIIRS kanapangidwa kuti kasapitirire kwambiri mamita 800. M'fayilo ya timadontho muli mizati iwiri yolembedwa scan ndi track, yomwe imanena kukula kwenikweni kwa kabokosiko m'makilomita. Muziiwerenga musanatumize anthu kutchire.

Nanga bwanji mapu a Africa amakhala ofiira psuu nthawi ya chilimwe? Kodi nkhalango zonse zikutha?

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba n'choona: pafupifupi magawo 7 mwa 10 a malo onse amene amapsa pa dziko lapansi chaka chilichonse ali mu Africa. Kumwera kwa equator moto umayamba mu Meyi ndi Juni cha ku Angola ndi kumwera kwa Congo, n'kumasunthira kum'mawa, kufika pachimake ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Ndi moto wa udzu, wa masala, wosakira mbewa, woyeretsera minda, ndi wa chitemene kumpoto kwa Zambia.

Chachiwiri n'chakuti mapu amakokomeza. Mukayang'ana Africa yense pa sikirini ya foni, kadontho kamodzi kamaphimba makilomita ambirimbiri pamene motowo ndi wa mamita ochepa. Yandikitsani mapu, muona timadontho tikumwazikana.

Mu Ogasiti 2019, pamene dziko lonse linkakamba za moto wa ku Amazon, anthu anazindikira kuti Angola ndi Congo zinali ndi timadontho tambiri kuposa Brazil. Manambala anali oona, koma kuyerekezako kunali kosokeretsa. Moto wa udzu umadutsa mwaliwiro, mitengo ikuluikulu ya miombo yambiri imapulumuka, ndipo lupsa limaphukanso mvula ikagwa. Moto wa m'nkhalango yowirira imene yagwetsedwa dala kuti pakhale munda umatenga zaka makumi kuti malo abwerere. Izi sizikutanthauza kuti moto wathu ulibe vuto. Wobwerezabwereza chaka ndi chaka kumapeto kwa chilimwe umapha timitengo tating'ono, ndipo ukalowa m'mapaini a ku Chikangawa, pa Zomba kapena m'mikungudza ya pa Mulanje, chionongeko chake n'chenicheni. Kadontho pakokha sikasiyanitsa zonsezi. Muyenera kukasanjika pa mapu oonetsa mtundu wa zomera.

Tinali ndi moto waukulu dzulo, koma pa mapu palibe. Chavuta n'chiyani?

Funso ili ndi limene limakhumudwitsa anthu ambiri, ndipo zifukwa zake n'zodziwika.

Chachikulu ndi nthawi. Moto wambiri wa m'tchire umayatsidwa dzuwa litapendeka, n'kuzima madzulo chinyezi chikabwera. Ngati unayamba 3 koloko masana n'kutha 8 koloko usiku, VIIRS inadutsa usanayambe, n'kudzabweranso utazima. Meteosat ndiyo ikanaugwira, ukanakhala wamphamvu mokwanira kabokosi kake kakakulu.

Chachiwiri ndi mitambo. Mafunde a 3.9 µm sadutsa mtambo wokhuthala. Masiku a chiperoni ku Mulanje ndi Thyolo, setilaiti imangoona pamwamba pa mtambo basi. Utsi wamba suvuta, koma utsi wokhuthala kwambiri wosakanikirana ndi mtambo umene moto waukulu umadzipangira wokha ukhoza kubisa pakati penipeni pa moto, mwakuti mapu n'kumaonetsa timadontho m'mbali mokha.

Kenako pali moto woyaka pansi pa mitengo yowirira, moto wa m'zigwa zakuya ndi m'mapanga a phiri, ndi moto wongonyeka wopanda malawi. Mu 2015 ku Indonesia kunapsa mahekitala pafupifupi 2.6 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la utsi linachokera m'dothi la zinyalala zowola la m'madambo ophwetsedwa, limene limanyeka pansi kwa milungu. Utsi unali wochuluka zedi poyerekeza ndi timadontho timene tinkaoneka.

Dothi lotentha kwambiri nalo limasokoneza. Masana a mu Novembala ku chigwa cha Shire, timabokosi tonse timakhala totentha, ndiye moto waung'ono suposa anzake mokwanira. Usiku zimaphweka chifukwa dothi lazizira.

Ndipo nthawi zina timapita pa kadontho n'kupeza palibe moto.

Yambani mwaona ngati palibe lupsa latsopano mkati mwa mamita 400 kapena 500 kuchokera pa kadonthoko. Kawirikawiri moto unalipo, unangozima kapena kusuntha musanafike.

Koma timadontho tonama tiliponso. Madenga a malata atsopano, magalasi a sola ndi madzi zimanyezimiritsa dzuwa molunjika m'makina. M'mphepete mwa mtambo wowala ndi pamalire a nkhalango yozizira ndi munda wadazi wotentha pamatulukanso timadontho totere. Tambiri mwa ito timabwera masana, ndipo timakhala ndi chikhulupiliro chochepa. Pa VIIRS mzati wa confidence umalembedwa l, n kapena h, kutanthauza chochepa, chapakati ndi chachikulu. Pa MODIS ndi nambala ya 0 mpaka 100. Osafika 30 ndi okayikitsa, oposa 80 ndi odalirika.

Palinso kutentha kwenikweni kumene sikuli moto wa m'tchire: mapiri ophulika a Nyiragongo ndi Nyamulagira ku Congo, malawi a gasi a ku Niger Delta, ng'anjo zosungunulira mkuwa ku Copperbelt. M'minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa amatentha nzimbe asanadule, ndipo timadontho take timabwera mwadongosolo m'nyengo yodula. Kadontho kobwera malo amodzimodzi usiku ndi usiku kwa mwezi wathunthu si moto wolusa. Lembani malo oterowo pa mndandanda wanu, muziwachotsa.

Ndingayambe bwanji kuona zimenezi ndekha? Zimalipitsa?

N'zaulere. Khomo losavuta ndi FIRMS ya NASA, pa firms.modaps.eosdis.nasa.gov. Tsekulani mapu a moto, yandikitsani dera lanu, sankhani nthawi, kaya maola 24 apitawa kapena masiku 7, ndipo chongani magulu a VIIRS. Timadontho timafika pa mapuwa mkati mwa maola atatu setilaiti itadutsa. Mukadina kadontho mumaona malo ake, nthawi, setilaiti imene yakaona, chikhulupiliro ndi mphamvu ya moto. Mukhoza kutsitsa zonse ngati fayilo ya CSV yotsekula mu Excel, ya KML ya mu Google Earth, kapena shapefile ya mu pulogalamu ya mapu ya QGIS. Mukhozanso kujambula bokosi lozungulira nkhalango yanu n'kulembetsa kuti azikutumizirani imelo moto ukaoneka m'menemo. Bokosilo likhale lotambalala makilomita angapo kunja kwa malire, chifukwa moto wambiri umalowa kuchokera kunja.

Zolakwika ziwiri zimene pafupifupi aliyense amachita poyamba ndi izi. Nthawi ya pa FIRMS ndi ya UTC, ndiye ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe muwonjezere maola 2. Kadontho kolembedwa 1130 kanaonedwa 1:30 masana. Kolembedwa 2330 pa 14 Seputembala kanaonedwa 1:30 usiku wa mbandakucha wa pa 15. Chachiwiri, ife tili kumwera kwa equator, choncho latitude yathu imayamba ndi chizindikiro chochotsera. Lilongwe ili cha pa -13.98, 33.78. Mukaiwala kamzereko polemba mu GPS, mukapezeka ku Sudan.

Pofuna kuona utsi weniweniwo tsekulani NASA Worldview, yomwe imaonetsa zithunzi za tsiku ndi tsiku kubwerera m'mbuyo mpaka chaka cha 2000. Zithunzi zimadya bandulo. CSV ya dera limodzi siidya kanthu.

Nambala yolembedwa FRP imatanthauza chiyani?

Ndi mphamvu ya kutentha imene moto ukutulutsa panthawi imene setilaiti ikudutsa, m'mamegawati. Moto wa udzu waung'ono pa VIIRS nthawi zambiri umakhala wa mamegawati ochepa chabe, pamene mutu wa moto waukulu wa m'mapaini umafika mazana kapena masauzande.

Nambalayi n'njothandiza chifukwa imayenda limodzi ndi kuchuluka kwa zimene zikupsa. Zoyesa zinaonetsa kuti pa megajoule iliyonse ya kutentha koyezedwa chonchi pamapsa pafupifupi makilogalamu 0.37 a udzu kapena nkhuni zouma. Moto wa mamegawati 50 ndiye kuti ukudya makilogalamu 18 pa sekondi, matani oposa 60 pa ola ngati sukusintha. Nambala zoterezi ndi zimene bungwe la ku Ulaya la Copernicus limagwiritsa ntchito powerengera utsi wotuluka tsiku lililonse. Musayerekeze FRP ya kadontho ka MODIS ndi ya ka VIIRS mwachindunji, timabokosi take n'tosiyana kukula. Phatikizani timadontho tonse ta moto umodzi pa kudutsa kumodzi.

Pachithunzi, utsi ndingausiyanitse bwanji ndi mtambo kapena fumbi?

Utsi umakhala ndi gwero. Umayamba wopyapyala pa malo amodzi, n'kumatambasuka motsata mphepo, ndipo mtundu wake ndi wotuwa mopita ku buluu, kapena wofiirira ukakhala wokhuthala. Pansi pamaonekabe mwa chizimezime. Mtambo ndi woyera mbee, uli ndi m'mbali moonekera bwino ndipo umaponya mthunzi wakuda.

Mukakayikabe, sinthani mafunde. Tizidutswa ta utsi tambiri sitifika ngakhale 1 µm, ndiye mafunde aatali amangotidutsa. Pa chithunzi cha 11 µm utsi umasowa, mtambo umatsala. Pa Worldview sankhani chithunzi cha MODIS cha mabandi (magulu a mafunde) 7-2-1: utsi wopyapyala umazimiririka, zomera zimaoneka zobiriwira, lupsa lofiirira, malawi ofiira ngati makala. Fumbi lili ndi tizidutswa tokulirapo, choncho limaonekabe pa infrared, ndipo pa zithunzi za fumbi za Meteosat limatuluka lapinki.

Nthawi yabwino yoonera utsi pa setilaiti zoima malo amodzi ndi m'mamawa ndi chakumadzulo, dzuwa likakhala m'munsi. Masana dzuwa lili paliwombo utsi wopyapyala umabisala.

Kuchuluka kwa utsi kumayezedwa bwanji?

Muyeso wodziwika kwambiri ndi AOD, umene umanena kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa kumene tizidutswa ta m'mlengalenga tatchinga. Osafika 0.1 ndi thambo loyera. Pa 1 dzuwa limaoneka lofiira ndipo mapiri akutali amasowa. Kupyola 3 ndi utsi wochindikala zedi. AOD imalephera pamwamba pa mitambo ndi pa malo owala kwambiri, ndipo nthawi zina kompyuta imatenga utsi wokhuthala ngati mtambo n'kusiya pamalopo popanda nambala. Mpata wopanda kanthu pakati pa manambala akuluakulu musautenge ngati mpweya wabwino.

Makina a TROPOMI a pa Sentinel-5P, yomwe inaponyedwa mu 2017, amayeza mpweya wa carbon monoxide, umene umakhala m'mlengalenga kwa milungu ingapo, choncho ndi wabwino potsata utsi paulendo wautali. Amaperekanso muyeso wina wochokera ku kuwala kwa ultraviolet, umene umaona utsi ngakhale uli pamwamba pa mtambo. Kutalika kwa utsi kuchokera pansi kumayezedwa bwino ndi makina owombera laser, monga a pa CALIPSO imene inagwira ntchito kuyambira 2006 mpaka 2023. Vuto lake amangoona kamzere kopyapyala pansi pa setilaiti.

Utsi umapita kutali bwanji?

Zimatengera kuti wakwera pati. Wa moto wa udzu umatsala m'makilomita ochepa oyambirira a mlengalenga, ndipo mvula ikagwa umatsukidwa. Moto waukulu kwambiri umapanga mtambo wakewake wa mabingu, umene umaponya utsi pamwamba pa mitambo yonse ya mvula, kumene kulibe choutsuka.

Ndi zimene zinachitika kum'mwera chakum'mawa kwa Australia kumapeto kwa Disembala 2019 ndi kumayambiriro kwa Januwale 2020. Utsi unadetsa thambo la New Zealand, unaoloka nyanja ya Pacific kukafika ku Chile ndi Argentina, ndipo pasanathe mwezi unali utazungulira dziko. Gawo lina linkakwera lokha chifukwa mwaye wake unkamwa kutentha kwa dzuwa, mpaka kufika makilomita pafupifupi 35. Mu 2023 ku Canada kunapsa mahekitala pafupifupi 15 miliyoni, malo oposa dziko lonse la Malawi kuphatikizapo nyanja. Pa 7 Juni chaka chimenecho thambo la New York linasanduka lachikasu mofiirira, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo utsi unafika ku Portugal ndi Spain.

Utsi wa kuno kwathu uli ndi njira ziwiri zotulukira. Wambiri, makamaka wa ku Angola, Congo ndi Zambia, umapita kumadzulo pamwamba pa nyanja ya Atlantic, n'kukhala pamwamba pa mitambo yotsika ya kumeneko mpaka kupyola chilumba cha Ascension. Wina umatembenukira kum'mwera chakum'mawa, n'kutulukira ku nyanja ya Indian kudzera kumwera kwa Mozambique ndi South Africa ngati mtsinje wautali, umene ofufuza a kafukufuku wa SAFARI 2000 anaufotokoza bwino. Choncho chifunga cha mu Seputembala chimene chimabisa mapiri si cha moto wa m'boma lanu lokha.

Ndingadziwe kudzera pa setilaiti ngati mpweya umene tikupuma ndi woipa?

Pang'ono chabe. Setilaiti imaona utsi wonse kuyambira pansi mpaka kumwamba ngati chinthu chimodzi. Utsi ukhoza kukhala makilomita 4 m'mwamba, AOD n'kukwera, pansi anthu akupuma bwinobwino. Zikhozanso kutembenuka: m'mamawa wa mu Julayi mpweya wozizira umatsekera utsi wa mbaula, zinyalala ndi tchire pafupi ndi pansi, anthu n'kumatsokomola, koma pofika 1:30 masana pamene setilaiti ikudutsa zonse zabalalika.

Chimene chimavulaza ndi PM2.5, tizidutswa tosaposa 2.5 µm, tochepa pafupifupi ka 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi, timene timalowa mkatikati mwa mapapo. Mlingo wa WHO wa 2021 ndi mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita pa maola 24. Kuti mudziwe nambala imeneyi pamafunika makina apansi. Kumene kulibe, zolosera za Copernicus, zomwe zimapita masiku 5 kutsogolo, zimathandiza. Maso nawo amathandiza tsiku lopanda nkhungu: sankhani phiri kapena nsanja zimene mukudziwa kutalika kwake. Chinthu cha pa makilomita 8 chikasiya kuoneka, ana, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu kapena mtima achepetse ntchito zapanja. Chikasowa cha pa kilomita imodzi ndi theka, aliyense akhale m'nyumba. Masiki ya nsalu siitchinga tizidutswa timeneti mokwanira. Yoyenera ndi N95 yogwira bwino nkhope.

Kukula kwa malo amene apsa kumapezeka bwanji, poti timadontho sitithandiza?

Mumayeza lupsa. Pamafunika zithunzi ziwiri zopanda mitambo, china moto usanachitike, china utangodutsa. Masetilaiti a Sentinel-2 amajambula masiku 5 alionse ndi timabokosi ta mamita 10 mpaka 20, ndipo zithunzi zake zimapezeka pa Copernicus Browser. Landsat 8 ndi 9 pamodzi zimajambula masiku 8 alionse ndi mamita 30.

Zomera zamoyo zimabweza kwambiri kuwala kwa near infrared, pamene phulusa, makala ndi dothi louma zimabweza kwambiri shortwave infrared. Muyeso wa NBR umatenga bandi ya near infrared kuchotsapo ya shortwave infrared, n'kugawa ndi zonse ziwiri zitaphatikizidwa. Pa Sentinel-2 ndi mabandi 8A ndi 12, pa Landsat 8 ndi 9 ndi mabandi 5 ndi 7. Werengerani NBR ya zithunzi zonse ziwiri mu QGIS, chotsani yachiwiri pa yoyamba. Zotsatira zosafika 0.1 amazitenga ngati posapsa, 0.1 mpaka 0.27 ndi popsa pang'ono, kupyola 0.66 ndi popseratu. Werengani timabokosi topsa. Kamodzi ka mamita 20 ndi mahekitala 0.04.

Malire amenewa anakonzedwa m'nkhalango za ku America, ndiye m'miombo musawameze osatafuna. Udzu wouma wa mu Ogasiti umakhala kale ndi NBR yotsika, choncho kusiyana kumachepa ngakhale papsa ndithu. Phulusa limauluka ndi mphepo m'masiku ochepa, ndipo mitengo ya miombo imaphuka masamba atsopano mvula isanagwe. Chithunzi chachiwiri chikachedwa ndi milungu itatu, lupsa lina silionekanso. Mthunzi wa mtambo, madzi ophwa ndi munda wongolimidwa kumene zimanamiziranso lupsa. Pitani ndi GPS pa malo khumi kapena makumi awiri, opsa ndi osapsa, musinthe malire anu kuti agwirizane ndi zimene mwaona. Ndipo dziwani kuti chithunzi chathunthu cha Sentinel-2 chimayandikira 1 GB. Tsitsani mabandi awiri okhawo a dera lanu.

Mapu a lupsa a MODIS a mamita 500, otuluka mwezi ndi mwezi, ndi abwino poona mbiri ya dera lalikulu, koma amaphonya moto waung'ono. Ofufuza atawerengeranso chaka cha 2016 ndi Sentinel-2, anapeza kuti kumwera kwa Sahara kunapsa malo ochuluka ndi pafupifupi 80 pa 100 kuposa amene MODIS inanena.

Setilaiti ingatiuze amene wayatsa moto?

Ayi. Ingakuthandizeni kupeza dera limene moto unayambira ndi maola ake, mukatsata timadontho toyambirira ndi kumene mphepo inkachokera. Kupyola apo ndi ntchito ya anthu apansi. Kadontho koyamba kuoneka sikakhala nthawi zonse poyambira moto, chifukwa setilaiti imaupeza utayenda kale.

Ndiye ozimitsa moto angaidalire?

Pa nkhalango yaing'ono imene ili ndi nsanja ndi alonda, munthu wokhala ndi foni pamwamba pa phiri amaona utsi setilaiti isanaone kanthu. Moto wa udzu wouma pa mphepo ya mu Seputembala ukhoza kuyenda makilomita angapo pa ola, ndiye uthenga wochedwa ndi maola atatu ndi wa mbiri yakale. Pa malo aakulu opanda anthu ambiri, monga Nyika, Kasungu, Kafue kapena Niassa, kadontho ka usiku ndi kamene kamakuuzani kolowera m'mawa. Ku South Africa bungwe la CSIR linapanga AFIS, imene imaphatikiza MODIS, VIIRS ndi Meteosat n'kutumiza uthenga pa foni. Inayamba pofuna kuteteza mawaya akuluakulu a magetsi a Eskom, chifukwa moto woyaka pansi pa mawaya umachititsa kuti magetsi adumphe n'kuzima.

Phindu lalikulu, m'kuona kwathu, lili pokonzekera. Tsitsani timadontho ta zaka khumi ta dera lanu, tigaweni mwezi ndi mwezi. Muona kuti moto umalowera pa zipata zomwezomwezo, pafupi ndi njira, madambo ndi malire a minda, ndipo umabwera m'milungu yomweyomweyo. Pamenepo ndi polambula mizere yotchinga moto, ndi potentha msanga mu Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyezi. Kumpoto kwa Australia, ku Arnhem Land, eni nthaka amatentha koyambirira kwa chilimwe motsogozedwa ndi mapu a lupsa a setilaiti, ndipo mapu omwewo ndi amene amatsimikizira kuti moto waukulu wa kumapeto kwa chilimwe wachepa. Mukatentha msanga, dikirani chithunzi chotsatira cha Sentinel-2 muone ngati mzere wapsa wonse. Mpata wa mamita 20 umene sunagwire moto ndi wokwanira kuti moto wa mu Okutobala udutsepo, ndipo mpata woterowo muubwerere udzu usanaumiretu.